Tipa Yanga ndi Mlatho wa ku Chiosya

Lolemba
Kontilakiti yanga yoyamba! Tipa yanga itute miyala ya mlatho wa ku Chiosya pofika Loweruka, apo ayi ntchito apatsa wina. Kapitawo wa pamlathopo, a Zulu, akundiyang'ana ngati ndabwera kudzagulitsa mandasi. "Mayi, mukwanitsa?" Ndangoti inde. Zofunika: dizilo, tayala lakumbuyo, anyamata opakira, ndiponso Yohane, dalaivala wanga, asalawe mowa.

Lachiwiri
M'mamawa apongozi ali pakhomo. Kwagwa zovuta ku Kachebere, pakufunika galimoto yonyamula anthu. Apongozi n'kuwakana bwanji? Tipa ikunyamuka itadzaza azimayi akuimba. Mwala ngakhale umodzi sunasunthe.

Lachitatu
Tipa sinabwere. Yohane pa foni: "Bwana, tikututa nkhuni za pasiwa." Nkhuni! Chigalimoto chonsecho! Ndikungozungulira pabwalo ngati nkhuku yofuna poikira.

Lachinayi
Yabwera, ikununkha thobwa. Ulendo umodzi wa miyala watheka. Pobwerera Yohane wanyamula kwaya ya kutchalitchi kwathu. Abusa: "Ambuye akudalitseni, mayi." Andidalitse ndi miyala! Ndikupemphera kuti Yohane asakhudze chokhuthulira, tingathire kwaya yonse mumsewu.

Lachisanu
A Zulu aimba kuti amisiri angokhala. Ndili ndi mantha, sindinama. Kenaka akuluakulu awiri afika kudzapempha tipa: maliro ena, pafupi ndi kukwale komwe timatenga miyala. Ndakana. Ine, mwana wa mayi anga, kukana maliro! Achoka osatsazika.

Loweruka
Tipa ili kukwale, dizilo wodzaza, Yohane sanalawe. Opakira kulibe! Onse ali kumanda, ndiwo akukumba. Mayi wina wodutsa: "Okana maliro azipakira okha." Tikupakiradi tokha, ine ndi Yohane, ndi manja. Chitenje chang'ambika, zikhadabo zatha. Tipa itangodzaza, a Zulu aimba: ntchito apatsa bambo wina wa kuboda.

Lamulungu
Msana sukuwongoka. Kutchalitchi palibe wondipatsa moni, kupatula a kwaya. Miyala ili m'tipa pabwalo panga, yopanda kopita. Masana foni, a Zulu! Mtima phaa, mwina asintha maganizo.

Mawu otsika: "Mayi, pepani, amalume atisiya. Tipa ija ilipo?"

Ndayang'ana miyala, ndayang'ana zikhatho zanga.

"Yohane, khuthula. Ukanyamule anthu."