Tsache Langa Linatsala ku Silverest

Mukuseka kale ndisanayambe, ndikudziwa, Mabvuto wa kwa mlongo wanga anakuuzani mbali yake. Mulekeni tsono mwini nkhani anene yekha, kuti mukamandiseka muzindiseka pa zoona. Ine amake Tisa, mlangizi wa kuno ku Kasisi, amene akazi ambiri a dera lino anadutsa m'manja mwanga asanalowe m'banja, anandigoneka chagada pa sofa dzuwa likuswa mtengo kuti mwana wadzana amve za mumtima mwanga. Ine!

Zinayamba ndi mimba ya Tisa, mwana wanga mmodzi yekhayo, amene anakwatiwa ndi Mbemba n'kumanga nyumba ku Silverest. Mimba yoyamba, ndipo ndani sadziwa kuti chikuta choyamba ndi cha mayi wake wa mkazi? Ndiye amasambitsa khanda, kuthowa mwana wake ndi madzi otentha, kumuphikira phala, kudikira mpaka mchombo ugwe. Ndachitira ana a eni ake zimenezi mpaka msana kupindika, ndipo cha Tisa ndinayamba kuchidikira tsiku lomwe anatha msinkhu. Beseni ndinali nditagula kale, lili kuseri kwa chitseko.

Ndiye ndinapita kukamuona, ndipo sindinalakwe kanthu. Ndinangovundukula mapoto, ndinachapanso malaya a mkamwini chifukwa makolala anali bii, ndipo pa chakudya ndinamukumbutsa Tisa, mwamuna wake ali pomwepo, kuti madzi osamba m'manja sapereka munthu ali chiimire. Basi! Mwana analowa kuchipinda n'kuyamba kulira ngati ndamutukwana. Atatuluka anandiyang'ana ndi maso ofiira.

"Amama, ine nalema," anatero Tisa. "Mukabwera pano nimankhala monga nili pa mayeso. Kuli ba Mutinta kuno pafupi, amathandiza anthu na kukamba chabe. Muyende mukaonane nao. Ngati simufuna, ku chikuta kuzabwera ba mayo a ku Kasama."

Asebele anga, mayi ake a mkamwini! Ife a kum'mawa ndi Abemba timanyozana mwachibale, iwo amati timadya mbewa, ife timati amadya anyani, koma apa panalibe choseketsa. Mdzukulu wanga woyamba asambitsidwe ndi manja a ku Kasama, ine mlangizi ndili moyo, anthu a ku tchalitchi akuona? Mtima unandiwawa koopsa. Ndinati chabwino, ngati ndi kuyankhula kokha, ine ndi amene ndingalephere kuyankhula?

Lachinayi ndinakwera basi. Pa geti ya a Mutinta ndinapeza mwamuna wa kabudula wong'ambika ndi patapata, akuthirira maluwa. Ndinamupatsa chikwama changa kuti anyamule, monga achitira munthu ndi wantchito wa pakhomo, iye n'kunyamula bwinobwino mpaka ku kachipinda ka kuseri kwa nyumba. Mkatimo munali kamtsikana koonda, kamagalasi, kovala thalauza, kopanda ndi chitenje chomwe. Ndinayang'ana kumbuyo kwake kuti mwina a Mutinta enieni akubwera. Ayi, anali omwewo.

"Pano palibe mankhwala, palibe malangizo," anatero a Mutinta. "Mugona apa pa sofa, ine ninkhala kumbuyo kwanu, imwe mukamba chilichonse chamene chabwera mu mutu. Maloto, va ku ubwana, vilivonse. Pang'ono pang'ono tizaona vamene vimakuvutitsani mukati."

Palibe malangizo? Nanga thandizo lopanda malangizo ndi thandizo lanji? Ndipo munaona kuti munthu wamkulu akugona m'nyumba ya eni masana, mwana ali khale pa mpando? Koma ndinakumbukira beseni langa, ndinavula nsapato n'kugona, chitenje nditachipanikiza pakati pa mawondo.

Kenako ziii. Ine ndikudikira kuti mwini nyumba andifunse malonje, za kumudzi, za mvula, za chimanga, monga mwa anthu. Iye phee. Ine chete, iye chete, wotchi yokha ikuyenda pakhoma. Tsono munthu ukagona chagada maso amapita kudenga, ndipo pakona pomwepo panali ukonde wa kangaude, waukulu, wa masiku ambiri. Ananena yekha kuti ndinene chobwera m'mutu, si choncho?

"Muli na kangaude ku denga," ndinatero.

"Mmm," anatero a Mutinta. "Kangaude akukumbutsani chani?"

"Anikumbutsa tsache."

Sanaseke, sanachite manyazi, anangoti mmm kachiwiri. Ndinapotoza khosi kumuyang'ana chala, mphete palibe. Ndinamufunsa ngati ali pabanja, iye n'kundifunsa chimene chandichititsa kufunsa. Anzanga, mkazi wa mwamuna ukamufunsa funso limenelo amayankha usanatseke pakamwa. Ndinadziwa pomwepo kuti mwanayu ndi mbeta, ndipo ndinamumvera chisoni. Kuphunzira konseko, nyumba ya kangaude, thupi ngati bango, wopanda womuuza. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndinatuluka m'menemo nditadziwa chimene Mulungu ananditumira ku Silverest.

Lachinayi lotsatira ndinabwera ndi tsache lalitali ndi mbale ya chibwabwa chotendera. Ndisanagone ndinakwera pa sofa pomwepo n'kuchotsa kangaude uja, iye akungondiyang'ana ngati akuonera mpira. Nditamupatsa mbale anati, "Zikomo amama, koma sinizadya. Tiyeni tiganize pamodzi chifukwa chake mwabweretsa." Chifukwa chake? Chibwabwa chimafuna chifukwa? Chibadwire sindinaone munthu akukana ndiwo zanga, ndipo zinandipweteka kuposa mbama. Ndinatsegula chitseko n'kuitana wa kabudula uja, ndinamupatsa, iye anadya mpaka kupukuta mbale ndi chala n'kunena kuti sanalaweko zotere. Ndinati ee, pakhomo pano wanzeru ndiwe wekha.

Tsiku limenelo a Mutinta anandikola pang'ono. Ndinali ndikufotokoza za chikuta, mmene chimayendera, iye n'kuponya kafunso kuchokera kumbuyo kwanga.

"Nanga imwe pamene munabala Tisa, anakusambikani ndani?"

Ndinayankha kuti palibe. Amayi anga anamwalira ndili wamng'ono ku Katete, apongozi sanabwere, bambo ake a Tisa anali kumowa. Madzi ndinatereka ndekha, ndikukwawa, mwana akulira pamphasa. Nkhaniyo ndinadana nayo. Ndinadzuka msangamsanga n'kuyamba kumusonyeza mtsikanayo kagwadidwe koyenera popereka madzi kwa mwamuna, bondo ili pansi, ili motere, maso pansi. Ndinagwada ndithu pa kapeti wa eni ake, ndi mawondo anga a nyamakaziwa, mpaka nthawi inatha. Podzuka anachita kundigwira mkono.

Mukanakhala inu mukanalekera pomwepo, koma ine ayi. Ndinaona kuti matenda a mwanayu ndi umbeta, ndipo mankhwala ndinali nawo kunyumba. Mabvuto, mwana wa mlongo wanga, amene amayendetsa basi ya ku Chongwe, samwa, sasuta, vuto lake ndi manyazi okha. Ndinamuuza avale suti. Pa geti tinapeza wa kabudula uja, ndipo ndinamukokera pambali.

"Iwe, uyu ni Mabvuto, umuone bwino," ndinatero. "Mulungu akalola azankhala bwana wako pano. Nanga madamu ako, kumabwerako amuna ena?"

"Awe amama," anatero iye, "ni ine chabe nimapezeka pano."

Ndinakondwa, ndinamusisita paphewa. Safunsa anadya phula, anzanga. Mabvuto ndinamukhazika pakhonde pafupi ndi zenera, ine n'kulowa, n'kugona pa sofa ngati munthu wozolowera, n'kuwauza a Mutinta kuti panja pali mlendo wawo, mnyamata wabwino wa ntchito yake, akangomuona nkhani ya ankhoswe ndiyendetsa ndekha.

A Mutinta anayankhula mofatsa, mawu ake osakwera n'komwe.

"Amama, mwabweretsa tsache, mwabweretsa ndiyo, manje mwabweretsa mwamuna. Chilichonse chamene mwaona pa ine mufuna kukonza. Nifunseko, ni ndani wamene muopa kuti azankhala yekha ngati imwe simunamukonze?"

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinadzuka pa sofa ngati ndakhalira moto, chala chili m'mwamba, ndipo mukudziwa mawu anga, ndi mawu ozolowera kupitirira ng'oma pa chinamwali.

"Iwe mwana, usanifunse mafunso monga ndine wakuba! Nakuphikira, wakana. Nakupyangira, sunayamike. Nakulera neka, neka, kulibe ananithandiza, manje lero waphunzira, uli na nyumba ya malata, ufuna kunitaya monga chigamba, uitane Mubemba! Uganiza mimba ni digiri? Na mbuzi zimankhala na mimba, Tisa! Na mbuzi!"

Ziii. Wotchi yokha. Ndinali chiimire, ndikupuma ngati ndathamangitsa basi, ndipo kumaso kwanga kunali konyowa, misozi ndi mamina zonse pamodzi, ine amene sindinalire ngakhale pa maliro a bambo ake a Tisa.

"Mwaniitana kuti Tisa," anatero a Mutinta.

Ndinati sindinatero. Iye sanatsutse, anangondipatsa kapepala kopukutira. Ndinatola nsapato m'manja n'kutsegula chitseko kuti ndithawe, ndipo pakhonde, pambali pa Mabvuto wa suti yake, panali Tisa. Anabwera ndi galimoto kuti andidabwitse, andiperekeze kunyumba, poti anamva kuti mayi ake akulimbikira kupita kwa a Mutinta osaphonya. M'manja anali ndi kabotolo ka maheu kondigulira. Zenera linali lotseka, koma zenera lingatani ndi mawu a mlangizi?

"Mbuzi yabwera kukutengani, amama," anatero Tisa.

Ndipo ngati zimenezo sizinakwane, pa geti panalowa tiana tiwiri ta yunifolomu tikuchokera kusukulu, tinathamangira wa kabudula uja tikukuwa kuti adadi, adadi, kenako kamodzi n'kufunsa ngati amami amaliza ntchito. Bambo uja anandiyang'ana, anagwira pachifuwa mwaulemu n'kunena kuti chibwabwa chija sadzachiiwala. Mabvuto anavula jekete pomwepo n'kuyenda wapansi mpaka kumsewu, osatsanzika, ndipo mpaka lero akandiona pa siteji amadutsa ngati basi yadzaza.

M'galimoto Tisa anangoyang'ana msewu mpaka titadutsa mphambano ya ku Kasisi. Pamenepo anangoti, "Ba mayo azabwera pa Sabata." Sanakweze mawu, ndipo ndikanakonda akanandikalipira.

Mwana anabadwa, wamkazi. Anamusambitsa ndi asebele a ku Kasama, m'beseni lawo, langa lili kuseri kwa chitseko mpaka lero, ndimasungiramo nyemba. Ine anandiitana mchombo utagwa kale, ngati mlendo, ngati mnansi wobwera ndi sopo. Asebele anandilandira ndi chimwemwe chonse cha munthu wopambana. "Ba sebele, mwaiseni! Mbeba mwatisungilako?" Kundilonjera m'Chibemba kumeneko, n'kundifunsa ngati ndawasungira mbewa. Ndinaseka nawo, mano okha.

Ndinakhala pa sofa wa Tisa, ndipo ndinaona zonse. Thewera analimanga molakwika. Mwana anamufunditsa mabulangete ngati tili mu Juni. Ndipo nditakweza maso, poti tsopano ndinazolowera kuyang'ana kudenga, pakona panali kangaude. Tisa anaona pamene ndikuyang'ana, anayang'ananso iye, kenako anandiyang'ana ine n'kudikira. Mawu anafika pakamwa penipeni, ndinawamva akugogoda mano. Koma chimene chinabwera m'mutu si tsache ayi, ndi ine ndemwe ndikukwawa ndi mphika wa madzi ku chikuta changa, ndipo ndinaona kuti mwana wangayu sakukwawa, ali ndi anthu, ngakhale anthuwo si ine. Ndinameza malovu osanena kanthu.

Tisa anadikirabe pang'ono. Kenako ananyamula khanda n'kuliika m'manja mwanga.

"Mugwireniko, amama, ba mayo apumuleko."

Mwamva? Ine mlangizi wa ku Kasisi, wogwirizira kuti Mbemba apume! Ndinamugwira mdzukulu wanga mpaka mkono unachita dzanzi, ndipo sindinauze munthu kuti wachita dzanzi, kuopa angandilande.

Tisa akuuza anzake kuti a Mutinta ndi odziwa ntchito, ati amama asintha. Bodza. Si kuchira kumeneko, ndi manyazi basi, ndipo musandiuze zina. Ine ndinalumbira kuti sindidzagonanso pa sofa wa munthu, kaya wa magalasi kaya wopanda, kuti azindifunsa kangaude akundikumbutsa chiyani. Zimenezo ndinathana nazo. Kungoti tsache langa lalitali lija linatsala komweko, ndipo tsache labwino silitayidwa, ndiye Lachinayi ndimapita kukalitenga. Mwezi uno ndapita Lachinayi lililonse. Ndikafika amandiuza kuti ndikhale kaye pang'ono, ine n'kuvula nsapato, ndipo potuluka ndimapezeka ndili kale pa siteji, maso otupa, tsache ndaliiwalanso.