Ambulera ya Che Jaffalie

Pamsika wa Mangochi palibe amene sadziwa kuti malemu Che Jaffalie ankachiza webusayiti ndi tiyi. Anali wosoka maambulera, wosadziwa ngakhale poyatsira kompyuta, koma mpaka ku Chiponde ankawatchula dokotala wa intaneti. Dzina limeneli linkawawawa Abiti Zubair kuposa dzino lobooka.

Nanga n'kulekeranji kuwawa? Webusayitiyo anaipanga ndi mdzukulu wawo Rahma, mwana amene anamulera okha ndi usipa wapathandala mpaka kukamaliza zamakompyuta ku Blantyre. Anaipangira gulu la amayi ogulitsa chambo, kuti mahotela a ku Lilongwe azioda nsomba pomwepo. Vuto linali seva, makina osungira webusayitiyo: imene gulu linkakwanitsa inali yofooka ngati njinga ya kabaza yonyamula banja lonse. Lachisanu akangoweruka kumzikiti, amayi onse ankathamangira pafoni kukaona maoda. Tsamba mbee! Pankangotsala nambala 503 ndi Chingerezi chakuti pakadali pano sizitheka. Basi amayi kudinadina ngati akuphwanya nsabwe.

Apo ndi pamene Che Jaffalie ankatulukira, lichero m'khwapa, ketulo kumanja.

“Amayi, mwana wa eni wakomoka! Mafoni onse mulichero!”

“Koma Che Jaffalie, oda yanga...” ankadandaula Hidaya, mlembi wa gulu.

“Oda ili ndi mapiko? Munthu wokomoka mumamuunjirira? Mupatseni mphepo!”

Ankatsegula ambulera yakuda pamwamba pa lichero kuti webusayiti ipume pamthunzi, n'kuthira tiyi, n'kuyamba kusimba za ng'ona ya pamlatho imene ankati imawapatsa salamu m'Chiyao. Makapu akamatha, tsamba labwerera. Nthungululu msika wonse.

Abiti Zubair tiyi ameneyo sankamwa. Ankaima patali, manja m'chiuno, kenako n'kukamutulira mkwiyo Rahma.

“Iwe, ulibe pakamwa? Sukulu ndinalipirira iwe kapena ambulera?”

“Agogo, nthawi imeneyo ine ndimakhala ndikuyatsanso seva. Koma onse akamadina pamodzi imagwanso. Ndikawauza kuti dikirani amandimvera? Che Jaffalie amandigwirira zala zawo.”

“Ndiye zala agwire iwo, ulemunso atenge iwo?”

Zinafika poipa Hidaya atafunsa pamsonkhano kuti Rahma akumusungiranji, poti wokonza alipo kale. Abiti Zubair anadzuka chitenje chili pakhosi, ulendo wa pakhonde la maambulera.

“Che Jaffalie, mukufuna kumudyera ntchito mwana wanga ndi ketulo yanu yadzimbiriyo?”

“Salamu kaye, Abiti.”

“Salamu ndasiya kunyumba!”

Bambo aja anangoseka, singano ili pakamwa. Lachisanu lotsatira tsamba litayera anabwera ndi lichero monga mwa masiku onse, koma ambulera osatsegula.

“Ambulera iyi imamvera injiniya,” anatero. “Hidaya, muimbire Rahma, umupemphe bwinobwino. Akakana, nsomba zanu muzidya nokha.”

Hidaya anaimba, mawu atafewa ngati nthochi yakupsa, ndipo za kumuchotsa Rahma zinathera pompo. Mukuganiza kuti Abiti Zubair anathokoza? Anapsa mtima kuposa kale, chifukwa tsopano msika wonse unkati, “Koma Che Jaffalie kudzichepetsa!”

Che Jaffalie anamwalira nyengo yozizira yapitayi, chifuwa cha masiku ochepa. Lachisanu loyamba atawaika m'manda, hotela ina inali kudikira kuoda chambo cha ukwati, ndipo 503 inabwera ngati kuti sinamve za maliro. Amayi kudina, kudina. Foni ya Abiti Zubair inalira.

“Agogo, chonde aletseni. Ikagwanso, oda ipita ku Salima, ndipo aziti ndalephera ndi ine.”

Gogo uja anayang'ana pakhonde paja. Ambulera yakuda inali ikadali pamsomali. Anaitsitsa, natereka tiyi, nakhuthula usipa umene unali mulichero lawo lomwe.

“Mafoni muno! Iwe Hidaya, woyamba ndiwe!”

Nkhani ya ng'ona sankaidziwa bwino, choncho anangowatukwana mmodzimmodzi mpaka tiyi anapsa. Tsamba linabwerera, oda inalowa.

“Mwaona?” anafuula Hidaya. “Ambulera ya Che Jaffalie ikugwirabe ntchito!”

Abiti Zubair anafuna kumukalipira, koma anangotseka ambulera ija n'kuyamba kubweza mafoni.

Masiku ano maambulera othyoka amangotayidwa m'ngalande, ndipo ng'ona ya pamlatho ilibe woiyankha. Lachisanu lililonse Abiti Zubair amatolera mafoni, amayi n'kumadandaula kuti tiyi wa malemu ankakoma kuposa uyu. Iwo amafuna kutsutsa, koma atsutsa bwanji? Sanamulaweko ngakhale kamodzi.