Tadala Wanga Wachuluka M'kompyuta

Lolemba

Tadala akutsokomolabe, chifuwa chikulira ngati kamphaka. Kukiliniki ya m'dera lathu lino la Unit K akuti akaonedwe ndi dokotala wa zifuwa m'tauni Lolemba likubwerali. Dokotalayo amalandira ana amene ali pa inshuwalansi yokha, ndipo kuntchito kwa bambo a Tadala kulembetsa ana kukutsekedwa Lachisanu. Iwo ali pamsewu wa ku Beira ndi thiraki. Andisiyira foni yokhala ndi pulogalamu ya kampani. Akuti ukatumiza, uthenga umagawika wokha: kwa olemba antchito, kwa a inshuwalansi, kwa a chipatala.

Zojambula:
satifiketi yakubadwa
chitupa changa
khadi la sikelo, masamba onse

Ndatumiza. Foni yangondipatsa nambala yaitali. Palibe "zafika," palibe "zikomo." Munthu angalandire zinthu nkungokhala chete?

Lachiwiri

Zithunzi sizikuoneka, pali nambala ija yokha. Ndawaimbira bambo a Tadala. Akuti zithunzi zikakula siziyenda ndi uthenga, amazisunga pena, iwe umangogwira tikiti ngati katundu wa pabasi. Ine katundu wa pabasi ndinatayapo, tikiti ili m'manja.

Ndatumizanso. Masana magetsi apita, netiweki yayamba kuzimazima, ndiye ndatumiza kachitatu, mwina chachiwiri chinafera panjira.

Lachitatu

Nambala ya chitupa changa yasanduka tinyenyezi! Angotsala manambala atatu akumapeto. Agogo anachokera ku Dedza kudzakhala dziko lino opanda pepala lililonse, amayi anayendera chitupa changachi mpaka nsapato kutha, lero kompyuta yachidya ine ndikuona.

Ndalemba nambalayo papepala ndi bolopeni, zilembo zazikulu, kujambula, kutumiza zonse. Tinyenyezi. Ndamugwiritsa Tadala pepalalo kuti akuofesi aone kuti ndife anthu enieni, kumujambula, kutumizanso. Tinyenyezi. Pepalalo Tadala wadya theka.

Lachinayi

Bambo a Tadala aimba asanadye nkomwe. Akuti ofesi yawafunsa chifukwa chake ali ndi ana asanu, onse Tadala, onse obadwa tsiku limodzi. Kutumiza kulikonse kumabala mwana! Ndipo anawo anagawika kale monse muja, kwa a inshuwalansi asanu, kwa a chipatala asanu. Kompyuta yaganiza kuti tikuba, yatseka zonse.

Madalaivala anzawo akuwayamikira m'Chishona ngati aberekadi, akuti "makorokoto mudhara." Iwo sakuseka. Inenso ayi. Tadala lero wakana phala.

Lachisanu

Aimba amayi a kuofesi, Chishona chapang'onopang'ono ngati akulankhula ndi mwana wa giredi wani. Akuti tinyenyezi amaika dala kuti makalaliki asamawerenge nambala za eni ake, yanga ilipo, yatsekeredwa bwino. Kukhala chete kuja ndiye kuti uthenga unali pamzere. Ndapuma.

Kenako afunsa: "Saka todzima vapi, tosiya upi?" Tifufute ati, tisiye uti.

Mwana ali pamsana, chifuwa chikulira, ndinene ndi pakamwa panga kuti dzina lake lifufutidwe kanayi? Nanga akafufuta weniweniyo? Akuti onse ndi amodzi, mai. Ndati dikirani ndifunse akuluakulu.

Ndaimbira apongozi ku Unit D. "Usayerekeze. Mwana ali moyo, afufute chiyani?" Atenga nthawi kundikumbutsa kuti mkazi wofika fomu folo sakanachita zimenezi. Poimbanso kuofesi, foni ikungolira. Aweruka. Kulembetsa kwatsekedwa.

Loweruka

Apongozi afika ndi amayi awiri a kutchalitchi kudzapempherera mwana. Apempherera onse asanu, aliyense payekha, kuti pasakhale wotsala. Foni aiika pakati pa mphasa, aisanjika manja.

Potuluka apongozi andikokera kuseri kwa nyumba. Akuti kompyuta sinama, ndifufuze bwino, mwina mwana wawo ali nawodi ena ku Beira. Ndawauza kuti anayi enawo ndabereka ndine, ndi chala ichi. Akuti akazi tonse timatero poyamba.

Lamulungu

Kutchalitchi sindipita, nkhani yafikako kale.

Bambo a Tadala alankhulana ndi amayi a kuofesi aja. Akuti popeza tinatumiza kusanatsekedwe, ana angathe kuphatikizidwa osafufuta, koma pafunika siginecha ya abwana, mapepala enieni, ndi mwana pamaso. Kwa dokotala mawa sikutheka, atisunthira sabata ziwiri kutsogolo. Mpaka pamenepo ndi mankhwala a kukiliniki omwewa, supuni imodzi katatu, ndi khutu langa pachifuwa pake.

Mawa ndikwera kombi, minibasi yoyamba ya m'tauni, kupita kuofesi. M'chikwama: mapepala, matewera, juzi, mankhwala. Ndamusambitsa, ndamudzoza mafuta, ndamuwenga zikhadabo. Akamuwerenge okha. Ndi mmodzi, ndipo akutsokomola.