Matayala a misomali ndi mbiri yanga

Lolemba
Ndagwanso ndi njinga pamtsetse wa kumjigo, amayi otunga madzi akuona. Katondo akanyowa alibe ulemu. Pafoni ndikuona kuti kumayiko kumene misewu imaundana ndi chisanu, matayala a njinga amawaika timisomali. Kuno ku Tsangano msewu suundana, koma kuterera n'komweko. Zofunika: timisomali ta nsapato, chubu chakale, kulimba mtima. Chachitatucho ndilibe chokwanira.

Lachiwiri
Ndikukhoma timisomali kuchokera m'kati mwa tayala, n'kuyala chubu chakale kuti mitu yake isaboole chatsopano. Wokonza njinga akuyang'anitsitsa, kenako akuti, "Ku yunivesite kuja n'zimenezi?" Mwina akunena zoona.

Lachitatu
Zatheka! Ndikutsika mtsetse wonse osagwa, koma pamjigo palibe munthu. Njinga ikulira ngati matalala padenga la malata. M'mbuyo ikusiya timadontho m'matope.

Lachinayi
Timadonthoto mudzi wonse ukutidziwa. Agogo ena akundifunsa chimene ndimakachita pamwala wa kuphiri ndekhandekha. Ndimangokhalapo. Yankho limeneli silikuwakhutiritsa.
Madzulo alamu anga, achimwene awo a mayi akunyumba, mkulu wa mpingo, akubwereka njinga. Mkamwini sakaniza.

Lachisanu
Mayi akunyumba atsatira timadontho. Timadonthoto tikukafika pakhomo pophika kachasu, pobwerera tikuyenda mokhotakhota, tikulowanso m'munda wa mbatatesi wa eni ake. Akundifunsa modekha kuti ndinayamba liti. Ine kachasu sindinamulawepo. Ndikutsegula pakamwa, ndikukumbukira kuti munda, nyumba ndi mpando ndakhalirawu n'za kwawo. Ndikutseka.

Loweruka
Akulu a mpingo abwera kudzandilangiza. Alamu ali nawo limodzi, chigamba pachipumi; akuti anagundidwa ndi chitseko. Ndiwo akupemphera. Akupempha kuti mlamu wawo apatsidwe mphamvu yoleka, ndipo akulira misozi yeniyeni. Pemphero labwino ndithu. Ine ndikuvomera ameni.
Potuluka akundinong'oneza: "Alamu, njinga ija sigwa. Amene anagwa ndine."

Lamulungu
Ndikuzula timisomali kamodzikamodzi. Tayala latsala zibowo zokhazokha, choncho kutchalitchi ndikupita wapansi. Ulaliki ndi wa kuledzera. Anthu akuyesetsa kusandiyang'ana. Mayi akunyumba andiphikira tiyi wambiri shuga, akuti n'kothandiza munthu akamasiya. Ndikumwa. Mawa ndidzagwa pamtsetse ndili bwinobwino, ndipo aliyense adzadziwa chifukwa chake.