Malata a Tsiku la Chikondwerero

Nzeru yonseyi inabadwira m'taveni ya ku Chigumula, Loweruka masana, chiperoni chikuwaza panja. Patebulo panali amuna atatu ndi chipakete chimodzi cha masese: Stafford, wotchedwa Injiniya chifukwa anasesapo sabata ziwiri mufakitale ina ku Ginnery Corner, January, dzina lina Mantha, ndi Maurice, Jentulumani, amene sankavula nsapato zake zopolisha ngakhale popita kudimba.

Injiniya anali pamoto. Denga la nyumba yake linali laudzu, udzuwo wowola, ndipo mkazi wake Idah, mwana wa ku Nsanje kotentha, anali atalankhula kamodzi kokha: "Bambo a Lines, Julayi akatha ndikugonabe ndi beseni kumiyendo, ndikwera sitima."

"Malata, aise, ndiye chitukuko," anatero Injiniya akumenya tebulo. "Sadontha. Sawola. Khoswe alibe pomanga. Ukoleze mbaula m'nyumba, suopa kuti moto ugwira denga. Madzi akagwerapo amangotsetsereka. Pamalata sipakhala kanthu!"

"Nanga tiwatenga kuti?" anafunsa Mantha.

"Kuseri kwa sitolo ya a Karim ku Limbe kuli nyumba yosungiramo katundu, denga lake lopyapyala, latsopano. Pa 6 Julayi tauni yonse ili ku sitediyamu, masitolo otseka. Timakwera masanasana, timazula, timayika pawilibala. Ndani atione?"

"Mutu uwu ndi wa ku yunivesite," anatero Jentulumani, nameza masese otsalawo.

Kunena mwachilungamo, theka la nzeruyo linali loona. Tsikulo Limbe inali zii, nkhungu itaphimba mpaka mitengo ya magetsi. Anakwera onse atatu, pakuti aliyense ankaopa kuti wotsala pansi athawa ndi wilibala.

Msomali woyamba unazuka bwino. Wachiwiri unakana. Jentulumani anaimirira kuti aonetse anzake kagwiridwe ka hamala, ndipo pomwepo malata onyowa anachita zimene Injiniya anawatamanda nazo. Nsapato zopolisha zinauyamba ulendo. Anatsetsereka chagada, phazi linagunda makwerero, makwerero anagwera pawilibala, iye n'kutsala lende pangalande ya madzi ya m'mphepete mwa denga, jekete itakola.

"Ndikokeni, anthu inu!"

Pomukoka, denga lonse linalira ngati ng'oma khumi za likhuba.

Apa m'pamene panaonekera theka lina la nzeru ija. Tsiku limene tauni yonse imapita ku sitediyamu linalinso tsiku limene amuna a chipani a malaya ofiira ankayenda khomo ndi khomo kusaka otsalira. M'Limbe monse phokoso linali limodzi lokha, ndipo analilondola.

"Inu apamwamba!" anakuwa wamkulu wawo, a Friday, ndodo ili kukhwapa. "Mtundu wonse uli kuchikondwerero. Inu mukutani?"

Injiniya anakonza kukhosi. "Tikuonerera tili pano, bwana. Pamwamba zimaoneka bwino."

A Friday anayang'ana nkhungu. Ngakhale mseu wotsatira sunkaoneka.

"Makadi a chipani?"

Atatuwo anapapasa m'matumba, osapezamo kanthu.

"Ooh. Makadi mulibe, kusitediyamu mwakana, mwachita msonkhano wanuwanu padenga. Anthu atatu. Ndinu zigawenga eti?"

Mantha anali atamvapo kumene zigawenga zimapita, ndiponso kuti kumeneko masiku sawerenga. Anagwada pamalata, manja m'mwamba.

"Ayi, bwana, chonde! Ife ndife mbava basi! Mbava zenizeni!"

"Zoona, bwana!" anathirira ndemanga Jentulumani. "Hamala iyi, misomali iyi! Wilibala nayonso ndi yakuba!"

"Mboni ndine," anatero Injiniya. "Mapulani onse ndinakonza ndekha."

Akuti apolisi a kumeneko sanalandirepo akaidi okakamira mlandu wawo chotero. Kukhoti woweruza asanamalize kuwerenga, atatu onse anali atavomera kale, mokondwa.

Kumapeto kwa Julayi, Idah anabwera kundende ndi mbatata yootcha m'kansalu. Kunja kunkawaza. Anakhala pabenchi, nakweza maso kudenga, nayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Limeneli silidontha?"

"Ngakhale dontho limodzi, mayi a Lines," anayankha Injiniya, kunyada kukubwerera pang'ono. "Si ndinkakuuzani? Malata ndi malata."

"Chabwino. Mwawapeza." Anapinda kansalu kake, naimirira. "Khalani mofunda. Sitima yanga ndi ya mawa."