Pepani Wanga Anatsala Pang'ono Kuthamangitsa Amuna Anga

Dzanja langa lamanzere linakhala masabata atatu lili lende ngati sokosi yonyowa, ndipo kutchalitchi ndinawauza kuti ndinaligonera. Lero ndinene zoona: chinali chingwe, ndipo ndinachipempha ndekha. Ine ndi amuna anga timakonda masewera omangana, iwo kumanga, ine kumangidwa. Wofuna kukomoka akomoke, timuthira madzi. Chingwe sindichita nacho manyazi. Manyazi anga ali pa bodza limene ndinanena ndili m'chingwemo.

Munali m'zaka za m'ma 80, tikukhala ku Silver Spring, ku America. Ine ndinkatayipa makalata pa banki ina yaikulu, amuna anga a Masauso, mwana wa ku Lusaka, ankamaliza maphunziro a uinjiniya. Iwo ndiwo anaona kachilengezo kumapeto kwa nyuzipepala yaulere: gulu la akuluakulu ophunzitsana kumangana popanda kuvulazana. Tinalemba kalata, anatiimbira foni n'kutifunsa mafunso ngati tikufuna ntchito, kenako Loweruka lina masana tinapezeka m'chipinda chapansi cha nyumba ina ku Falls Church. (Ndinkayembekezera mdima ndi maunyolo. Ndinapeza khofi, mabisiketi, ndi anthu ovala zothamangira, mmodzi akudandaula msana.)

Mwini nyumba anali mayi Gloria, mzungu wa imvi, nesi wopuma pantchito, sizasi yobuntha ili m'thumba nthawi zonse. Asanatilole kukhudza chingwe anatikhazika pansi. Chingwe chisafike pakhosi. Womangidwa asasiyidwe yekha ngakhale foni ilire. Ndipo aliyense asankhe liwu limodzi loti akalitchula, zonse ziime pompo, popanda kufunsa chifukwa. Ine ndinawanong'oneza amuna anga kuti langa ndi "basi". Mumtima ndinkati, koma azungu mantha!

Pajatu ine ndinalangizidwa. Alangizi anandiuza kwathu ku Dedza kuti mkazi salira ndi tinthu tating'ono, banja ndi kupirira. Komanso kwathu, ngakhale uli pabedi la chipatala diripi ili pamkono, akakufunsa muli bwanji umayankha kuti ndili bwino. Ndinapita nazo zimenezi m'chipinda chija osazisiya pakhomo.

A Masauso anandimanga manja kumbuyo ndi chingwe chathonje chatsopano, n'kuchizunguliza m'mapewa ndi m'mikono. Poyamba zinali zokoma, ndisaname. Mtima unakhala pansi, maganizo a ku ofesi anabalalika. Kenako kuseri kwa chala chachikulu chakumanzere kunayamba kunyerenyetsa.

"Uli che bwino?" anafunsa.

"Ndili bwino."

Mayi Gloria anadutsa, nayamikira mfundo zawo, naitana ena kuti adzaone mmene mlendo wamangira. Amuna anga anamwetulira mpaka mano onse pamtunda. Tsono ine ndinene kuti basi pamenepo? Ndiwachotse ulemu anthu akuwaombera m'manja? Dzanzi linakwera mpaka pachigongono. A Masauso anandifunsanso, ndinayankha chimodzimodzi. Litafika poti dzanja sindikulimvanso, pakamwa panga panatuluka liwu, koma osati lija.

"Pepani."

"Pepani ya chani manje?"

"Palibe, pitirizani."

(Ndine munthu woti wina akandiponda phazi m'sitima, wopepesa ndimakhala ine.)

Mayi Gloria Chichewa sankachidziwa, koma nkhope ankaziwerenga. Anabwera kumbuyo kwanga n'kunena kuti ndidzutse chala chachikulu. Chakumanja chinadzuka. Chakumanzere chinangokhala ngati cha mwini. Sanafunsenso china, sizasi inangoti kwapu kwapu, chingwe chatsopano chija pansi zidutswazidutswa, dzanja langa lende.

Atandikhazika pampando anatembenukira kwa amuna anga, mawu atazizira. "Ndamva mkazi wanu akutchula liwu, inu n'kupitiriza. Muno munthu wosamva liwu la mnzake sabweranso."

Mayi Gloria ankaganiza kuti "pepani" ndilo liwu langa loimitsira. A Masauso sanadziteteze ngakhale pang'ono, maso awo anali padzanja langa. Ndinaona mmene anthu aja ankawayang'anira, ndipo ndinadziwa chimene ankaganiza: mwamuna wa ku Afilika, wosamva mkazi. Munthu amene sanandikwezerepo mawu! Magazi anandiwira.

"Liwulo sindinalinene," ndinatero mokweza. "Andifunsa kawiri, kawiri konse ndanama."

"Chifukwa chiyani?"

"Ndimapirira."

Mayi aja anatembenukira kwa ine. "Mwamuna uyu anavomera kukumangani. Kodi anavomera kukupundulani? Mwamusankhira nokha osamufunsa." Kenako anawauza amuna anga kuti nawonso asamadalire pakamwa pokha, azigwira zala n'kuona ngati zikuyenda, ndiponso kuti chingwe chinali chitakhala pamtsempha wa mkono. Tonse awiri tinalandira chathu, koma changa chinali chachikulu.

Dokotala anati mtsempha wangopanikizika, uchira wokha. (Nditamuuza mmene zinachitikira, anangolemba osadzutsa mutu. Ndinamukonda dokotala ameneyo.) Ku ofesi ndinkatayipa ndi dzanja limodzi ngati nkhuku yojompha. Koma chimene chinandiwawa kuposa zonse chinachitika m'galimoto tsiku lomwe lija, pobwerera kuchokera kwa mayi Gloria.

"Iwe, ine siningakumange futi," anatero a Masauso. "Nizaziba bwanji ngati 'ndili bwino' yako ni ya zoona?"

Ndinakwiya, ndinanyanyala masiku awiri. Dzanja linachira, iwo osasintha. Miyezi iwiri inatha asanakhudze chingwe, ndipo ngakhale pondigwira dzanja pamsewu ankandigwira ngati dzira. Ndinazindikira kuti kupirira kwanga kunawasandutsa munthu wodziopa yekha.

Ndine ndinaimbira mayi Gloria kupempha kuti tibwerere. Anavomera, koma anandipatsa ntchito: pamaso pa gulu lonse, a Masauso azindikulunga chingwe padzanja kamodzi kokha, ine ndizinena liwu langa, iwo azimasula n'kunena zikomo. Kakhumi. Koyamba linatuluka ngati udzudzu. Kachisanu ndi chiwiri ndinalikuwa mpaka banja lina limene linkamangana pakona nalonso linaima. Anthu anaseka, ine ndi misozi m'maso, theka ya kuseka theka ya zina. Akuluakulu sananame, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine ndinkadikira kuti wina amve m'mimba mwanga.

Sabata yotsatira kunyumba, chingwe chinanditsina pang'ono paphewa. Kanthu kochepa, koti kale ndikanakameza. Ndinatsegula pakamwa molimba mtima, ndipo chimene chinatuluka ndi ichi: "Pepani, basi."

A Masauso anamasula msangamsanga, nandigwira zala chimodzichimodzi, kenako anakhala pansi n'kupuma mpweya wautali. "Manje nakukhulupirira," anatero. "Koma iyo pepani uichose."

Sindinaichotse. Inakanika mpaka lero, ndipo ndasiya kulimbana nayo. Izitsogola ikafuna, bola mnzakeyo "basi" azibwera pambuyo.