Bokosi la Bwana Mfuko

Nzeru yonseyi idabadwira pa kapu yachitatu ya kachasu, kuseri kwa nkhokwe ina ku Ligowe, m'chaka cha 1953. Inali nzeru yoyeneradi malo obadwira otere.

Mtsogoleri anali Lameki, amene ankadzitcha Sajeni ngakhale nkhondo ankangoimvera m'kamwa mwa anzake. Anali mkamwini, ndipo malume a mkazi wake Yunike anali atamuchenjeza kale kuti akadzabanso ngakhale dzira, ukwati watha, azipita kwawo. Kwawoko analibe ndi munda womwe. Munthu wanzeru akanagwira khasu, koma Sajeni anali wa mapulani.

"Tamverani, amangwetu," adatero Kalisto, wotchedwa Loya chifukwa chodziwa mawu asanu achizungu. Iyeyu ankatchetcha kapinga kwa mzungu wokalamba wa kufupi ndi Matandani, amene anthu ankamutcha Bwana Mfuko. "Mdala uja ali mnyamata ankakumba mabwinja pachilumba cha Kerete, kutsidya kwa nyanja. Akuti kunali nyumba ya mfumu Minosi, zipinda chikwi, makoma ojambulidwa ng'ombe. Zimene adafukula zili m'bokosi lachitsulo kunsi kwa bedi. Mwini wake amati n'zoposa golide."

"Zoposa golide eti?" adafunsa Malizani, wotchedwa Mapewa, poti m'gululi mutu wake sunkafunika.

"Tikabe Loweruka, tsiku la Sabata, onse ali kutchalitchi," adagamula Sajeni. "Ntchito yosenda nachesi imeneyi."

Loweruka dzuwa lili paliwombo adalowera pawindo. Bokosi lidatuluka, Mapewa adalisenza, ndipo adakwera nalo phiri, Sajeni ali patsogolo kulamula ngati pali chimene wanyamula. Atafika m'thengo adathyola loko ndi nkhwangwa.

Pamwamba panali thonje. Pansi pa thonje panali mapale, mapale okhaokha, ena ojambulidwa chilombo cha miyendo isanu ndi itatu. Panalinso kamphika kobooka pansi, ndi kafano ka mkazi wogwira njoka m'manja monse muwiri.

Sajeni adabwerera m'mbuyo. "Loya, unati adazitenga kuti?"

"Adachita kufukula pansi."

"Nanga mphika wobooka pansi umapezeka kuti?"

Ngakhale mwana amadziwa kuti mphika wotere malo ake ndi pamanda.

"Taba ziwiya za akufa," adanong'ona Sajeni. "Akufa achilendonso, osamva Chinyanja. Tikawapepesa bwanji?"

Mapewa adayamba kudzikanda, akuti m'khosi monse mukuyabwa. Loya adati angozitaya mumtsinje basi.

"Ndiwe chitsiru," adatero Sajeni, ndipo apa pokha anali katswiri wodziwa zimene akunena. "Ukataya amakulondola mpaka kunyumba. Cha kumanda chimabwezedwa pomwe unachitenga."

Choncho akatswiri athu, amene palibe munthu anali atawaona, adalongedzanso phale lililonse m'thonje mwaulemu wonse, n'kutsika nalo bokosi phiri lomwe lija. Za nthawi yotulukira kutchalitchi palibe adaziganiza.

Bwana Mfuko adatulukira panjira ndi kapitawo wake, pambuyo pawo pali mpingo wonse wopita kwawo, mabuku a nyimbo m'khwapa. Adapeza Mapewa ndi Loya akukankha bokosi kuti lilowe pawindo, Sajeni ali pakati, mutu m'chipinda, miyendo ikupalasa kunja. Kapitawo adamukoka ndi lamba. Sajeni atatembenuka, nkhope yoyamba kuiona inali ya malume a Yunike.

"Sitikuba ayi, malume," adatero Sajeni. "Tikubweza. Zinthu zimafunika kubwerera kumene zidachokera."

Mkuluyo adayang'ana bokosi, adayang'ana loko wothyoka, kenaka adagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Mwalankhula bwino, akamwini," adatero. "Aboma akathana nanu, ifenso tikubwezani kumene tidakutengani."